Mahedifoni Osalira Kumanzere

Lamulungu, 5 Julayi 2015

Kumbirai watulukira! Zaka zonsezi zii, lero masana foni n'kulira, kuyang'ana: watiponya m'gulu la WhatsApp, ine, Admire ndi Morris. Dzina la gululo ndi lomwe lija, Achimwene. Ndinaseka ndekha mpaka Mai Muriel anasuzumira pakhomo kuti aone ngati mwamuna wawo wayamba misala.

Nkhani yake ndi iyi. Loweruka la pa 18, 2 koloko masana, tikumane pa intaneti tisewere gemu yathu yakale ya asilikali ija, anayi kwa anayi. Adani ndi omwe aja, Taurai ndi anyamata ake a ku Unit N. Akuti Taurai mpaka lero amauza anthu kuti tinkawina ndi mankhwala. Kumbi ali ku Cape Town, Admire ku England, Morris amayendetsa mathiraki ku Tete. Ine ndili pomwe anandisiya, muno mu Zimbabwe, Zengeza 2, kuseri kwa nyumba ya Amayi, kuwotcherera mafelemu a mawindo.

Kumbi analemba kuti, "Makutu, usatigwetse ulesi. Popanda iwe palibe timu."

Makutu. Palibe wanditchula dzina limeneli chitsekereni kafe ya intaneti ya mdala uja, mudhara Obadiah. Kuntchito ndine Francisco, kunyumba ndine Baba vaMuriel, kwa Amayi ndine Fula.

Kafe ija, abale! 2009, chaka chomwe dola ya Amerika inalowa, mashopu n'kudzazanso buledi. Kachipinda kamodzi, makompyuta mizere iwiri, fungo la masokosi, chenji mudhara akubweza masiwiti. Vuto linali loti matimu onse awiri ali m'chipinda chimodzi. Ukakuwa m'Chishona kuti mdani ali kuruboshwe, kumanzere, mdaniyo wamva nawo, wathawa. Ndiye Kumbi anati tiyeni tizilankhula chakwathu. Chichewa chomwe tinkachibisa kusukulu, chomwe ankatinenera kuti mabhurandaya, dzina lonyozera ife a makolo ochokera ku Malawi, chomwe tinkangoyankha nacho makolo akatikalipira. "Kumanzere! Kumbuyo kwako! Awiri pamakwerero! Bisala!" Taurai ankachita kumenya tebulo, "Vari kuti chii vanhu ava?" kufunsa kuti tikuti chiyani. Ife phwete.

Ntchito yanga inali kumva. Kuwombera sindimatha kwenikweni, dzanja langa ndi lolemera, koma mdidi wa mdani ndinkaumva asanatulukire pakona, ndi mbali yomwe akuchokera. Ndikanena, anzanga n'kumaliza. Ukaipa dziwa nyimbo.

Kompyuta nambala 4 ya mu kafe muja ndinaigula pamene mudhara ankatseka. Ndaipukuta fumbi, yayaka. Koma mahedifoni akale atha ntchito, siponji ikuyoyoka ndipo mbali ya kumanzere sikulira. Pakufunika atsopano.

Lolemba, 6 Julayi

Magetsi anapita tisanayambe ntchito, ndiye jenereta tsiku lonse. Bwana Stanislaus akufuna mageti awiri pofika Lachisanu.

Nthawi ya nkhomaliro ndinakhala pa thayala n'kumawerenga za mahedifoni pafoni. Mutu unazungulira. Zomwe ndatolapo: alipo a kajeki wamba, mawu ake ndi kumanja ndi kumanzere basi. Alipo a USB olembedwa 7.1, mkati muli timasipika tiwiri tomwe koma pulogalamu yake imapusitsa makutu, umamva ngati mawu akuchokera kutsogolo, kumbuyo, m'mbali. Kenaka alipo enieni, timasipika tambiri khutu lililonse, amenewo ndi a anthu odya bwino. A USB andikomera chifukwa bowo la jeki pa nambala 4 limalira nzzz ngati udzudzu. Akhalenso ndi maiki, ndi siponji yophimba khutu lonse, poti mawailesi a maloja, anthu ochita lendi kwa Amayi, satseka pakamwa.

Kumbi watumiza chithunzi cha ake, akuda, onyezimira. "Gula ngati awa." Ndafufuza mtengo wake, ndangotseka foni. Munthu akakhalitsa kunja amaiwala kuti kuno dola timaiyang'ana kawiri tisanaitulutse.

Madzulo ndinawauza Mai Muriel. Anali akusankha zovala za m'belo zoti akagulitse mawa, sanadzutse n'komwe mutu. "Munhu mukuru kudai, kutamba magame?" Akuti munthu wamkulu ngati ine n'kumasewera magemu. Ndinati si gemu chabe, ndi anzanga. Anati $30, osapitirira, ndipo ndisadzawauze kuti ndiwo zachepa. Mkazi ameneyu pakamwa ndi lumo koma mtima ndi wabwino.

Lachiwiri, 7 Julayi

Admire waika chithunzi ataima pa galimoto yofiira. Morris waika cha nyumba yomwe akumanga. Ine ndaika chala chachikulu.

Lachitatu, 8 Julayi

Ndinapempha theka la tsiku, ulendo wa kutauni. Hwindi, kondakitala wake, anandikalipira kuti wandifunsa katatu ndalama ya kombi. Ndi phokoso la wailesi yawoyo munthu angamve bwanji?

M'mashopu akuluakulu ndinangolowa n'kutuluka, mitengo yake yothamangitsa. Ndinakathera m'kamsika ka matebulo kuseri kwa renki, kwa mnyamata wina wandevu dzina lake Kefasi. Atamva dzina langa anati, "Ndinu achimwene eti?" Agogo ake anachokera ku Chipata. Chichewa chake n'chothyokathyoka kuposa changa, koma tinamvana.

Anandiyalira mitundu itatu. Oyamba opepuka ngati chikho cha pulasitiki, ukawapinda pang'ono amalira kuti tswa, ndinawakana. Achiwiri okongola, koma maiki yake yolendewera, waya woonda ngati ulusi. Achitatu abuluu, a USB, 7.1, waya wokutidwa ndi nsalu, siponji yonenepa, ndiponso amayaka kanyali m'mbali. Kanyaliko ndilibe nako ntchito, mdani samveka ndi nyali. Anati $35, ndinati ndili ndi mkazi kunyumba, tinagwirizana $28.

Anandiyesera pa laputopu yake koma pamalopo ndi pa chipwirikiti, uyu akukuwa ma juice card a mayunitsi a foni, uyu akuliza nyimbo, makombi akuimba mahutala. Ndinangomva kuti akulira, basi ndinalipira.

M'kombi pobwerera bokosi lili pamiyendo, ndikulisisita ngati mwana. Ndinakumbuka tsiku lomwe tinawapha a Unit N maraundi onse osawapatsa ngakhale imodzi, mudhara Obadiah n'kutigulira Fanta mmodzi tonse anayi. Tinamwa mopatsirana panja pa kafe, dzuwa likulowa, Kumbi akutengera kalankhulidwe ka Taurai. Sindikudziwa ngati ndinasekaponso choncho chiyambire.

Kufika kunyumba, magetsi kulibe.

Lachinayi, 9 Julayi

Magetsi anabwera m'mawa. Ndinalumphira pa kompyuta ndisanasambe n'komwe, kulowetsa kadisiki kake, kuika pulogalamu. Ili ndi poyesera: helikopita imazungulira mutu wako, kutsogolo, kumanja, kumbuyo, kumanzere.

Kutsogolo ndinaimva. Kumanja, mwe! Ngati itera paphewa. Kumbuyo bwinobwino. Ikafika kumanzere imangozilala ngati yalowa m'madzi, n'kudzatulukiranso kutsogolo. Ndinabwereza kangapo. Chimodzimodzi.

Asa! Katundu wotchipa wosalimbayu, zhing-zhong ndi zhing-zhong basi, ngakhale aiveke kanyali. Wandevu uja wandiona ngati wobwera kumene kuchokera kumudzi. Achimwene achimwene, kumeneko akundiveka chisoti.

Loweruka, 11 Julayi

Ndabweza. Kefasi anawavala, anatseka maso, anati, "Mukoma, zviri bho izvi, akulira mbali zonse." Ndinati iwe usandiphunzitse kumva, anthu ankanditcha Makutu iwe ukadali ndi mamina. Anaseka, anati chabwino, kasitomala salakwa. Anatsegula bokosi lina la mtundu womwewo, latsopano, pulasitiki ndinang'amba ndekha.

Pobwerera ndinatsikira dala pa mashopu a Zengeza 2 kuti ndidutse pa kafe paja. Pano ndi saluni. Chitseko ndi chomwe chija, chogwirira chake chomwe ndinawotcherera ine mudhara atataya kiyi. Mkati atsikana akuluka tsitsi, pakona pomwe panali nambala 4 pali chowumitsira tsitsi. Ndinaima mpaka mmodzi anandifunsa ngati ndikufuna kumetedwa. Mudhara Obadiah akuti anabwerera kumudzi kwawo, palibe akudziwa ngati ali moyo.

Chomwe chimandipweteka si kuti anzanga anachoka. Aliyense amatsata pomwe pali chakudya. Koma onse akamalemba m'gulumo amakamba za Zengeza ngati malo omwe anatha kalekale, ngati manda. Ine ndimadzukamo m'mawa uliwonse.

Lamulungu, 12 Julayi

Titabwera kutchalitchi Amayi anandiitanira kukhonde kwawo. Poyamba kundikalipira, mwa nthawi zonse. "Fula, dzulo ndakuitana pageti mpaka mawu kusasa, iwe tolotolo osacheuka. Wayamba kunyada?" Ndinati sindinamve, mutu unali kwina. Mai Muriel ali pawaya wa zovala anaponyamo lawo, "Ndozvaanoita mazuva ano, amai." Akuti masiku ano ndimatero. Akazi awiri akagwirizana, mwamuna ungokhala chete.

Kenaka Amayi anaona bokosi la mahedifoni n'kufunsa kuti n'chiyani. Nditafotokoza anaseka mpaka kutsokomola. Akuti ndatengera Ababa. Iwo ankabwera kufakitale, kusamba, n'kukhala pakhonde lomweli ndi kawailesi kawo, kupotokola pang'onopang'ono kusaka siteshoni ya ku Malawi. Mawu ankabwera n'kumapita ngati mphepo. Akaigwira, nyumba yonse izikhala chete, ngakhale supuni isagwe. Ankamvera mauthenga a maliro, kuti mwina amva dzina la ku Ntcheu lomwe akulidziwa. Ndikukumbuka ndithu, ine nditakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, fungo la sopo wofiira, iwo khutu lili pa wailesi.

Amayi anati, "Bambo ako ankasaka kwawo m'kabokosi, iwenso ukusaka anzako m'kabokosi." Ndinawauza kuti m'gemumo timalankhula Chichewa. Anati, "Chichewa chake chiti, chanu chosakaniza ngati chakudya cha nkhumbachi?" Koma ndinaona kuti zawasangalatsa.

Magetsi tsiku lonse kulibe, atsopanowa sindinawayesebe.

Lachiwiri, 14 Julayi

Nditaweruka ndinapeza magetsi alipo, Kumbi nayenso ali pa intaneti. Tinati tiyeseko pang'ono awiriwiri.

Mawu ake! Anenepa, ndipo Chingerezi chachuluka, koma kuseka ndi komwe kuja. "Makutu wafika! Aise, uli moyo?" Ndinati ndilipo. Tinalowa m'bwalo lakale lija la nyumba zogumuka ndi makwerero. Miyendo inakumbuka yokha njira. Ndinamva mdidi kumanja, ndinakuwa, Kumbi n'kumugwetsa munthuyo. Anati, "Ndi zimenezo! Taurai akagone msanga." Anatinso Admire watenga ofu kuntchito chifukwa cha Loweruka, Morris wasinthana ulendo ndi mnzake.

Kenaka wina anandibaya ndi mpeni. Mpeni, ine! Anachita kundiyandikira mpaka kundigwira, osamva kanthu. Anachokera kumanzere. Kumbi anati ndi netiweki ya ku Zimbabwe imeneyo. Tisanayambe raundi ina magetsi anathima.

Tisanalowe m'gemumo ndinali nditayesa helikopita ija. Imazilalabe kumanzere. Mabokosi awiri, matenda amodzi. Katoni yonse ya mnyamata uja ndi yowola. Mawa andiona.

Lachitatu, 15 Julayi

Sindikudziwa ndiyambire pati.

Ndinafika pa tebulo la Kefasi nditatentha kale. Ndinaponya bokosi, ndinati bweza ndalama zanga, ndiwe wakuba, ukugulitsa zinthu zakufa mbali imodzi. Ndinakweza mawu dala kuti makasitomala amve. Anthu anayamba kusonkhana, mayi wogulitsa makava a foni pambali pake akufunsa kuti kwagwanji, "Ko chii nhai?" Kefasi nkhope inasintha. Anawavala, anamvera, anapatsa mayi uja, naye anamvera, anati akulira konsekonse. Ndinati mwagwirizana.

Kefasi sanandibwezere mawu. Anati, "Mukoma, valani." Ndinavala. Anaika nyimbo mbali ya kumanzere yokha. "Mukumva?" Ndinati kutali kwambiri, ngati kwa aneba, ndi zomwe ndikunenazo. Anandivula, anawatembenuza, mbali yakufa ija n'kuiika pa khutu langa la kumanja.

Inalira mpaka ndinadzidzimuka. Gitala, ng'oma, zonse, mbee.

Ndipo mbali yabwino ija, yomwe tsopano inali kumanzere, anaisinthira nyimbo, n'kukhala yakufa.

Ndinawatembenuza ndekha. Ndinawatembenuzanso. Anthu aja anayamba kubalalika mmodzimmodzi, wina akuseka chamumtima. Mayi uja anangoti, "Zvakaoma," kuti n'zovuta, n'kubwerera pa tebulo lake. Ine chiimire ndi mahedifoni m'manja, manyazi ndi mantha zikulimbirana malo.

Kefasi anati ngati ndikufunabe ndalama andibwezera. Ndinati ayi. Ndinapepesa, mawu akutuluka ang'onoang'ono. Anati, "Hazvina mhosva, palibe mlandu, achimwene. Koma pitani kuchipatala." Anandikulungira bokosi m'pepala la pulasitiki.

M'kombi ndinatseka khutu la kumanja ndi chala. Injini, wailesi, hwindi, zonse zinapita kutali ngati ndamira mu dramu la madzi. Ndinachotsa chala msanga.

Akale aja ndawatulutsa m'katoni momwe ndinawataya. Nawonso ndi amoyo mbali zonse.

Lachinayi, 16 Julayi

Kuntchito ndinaima pa benchi yanga n'kuyang'ana. Jenereta ili kumanzere kwanga, ndikatambasula mkono ndimaigwira. Yakhala pamenepo chiyambireni mavuto a magetsi, chifukwa waya wake ndi wamfupi ndipo panja angaibe. Gilayinda ndikamadula chitsulo ndimapendeketsa mutu, khutu lomwelo ndi lomwe limayang'ana ku chitsulo. Madzulo aliwonse ndimapita kunyumba m'mutu mukulira nziii, ndinkati ndi kutopa. Foni ndinaisamutsira kumanja liti? Sindikukumbuka. Pabedi Mai Muriel amagona kumanzere kwanga, ndiye zonse zomwe akhala akunena kuti ndimawanyalanyaza, mayo ine.

Ndinawauza bwana Stanislaus kuti jenereta ichoke pamenepo. Anayamba za waya, ndinati waya ndilumikiza ndekha, apo ayi mageti anuwo muwotcherere nokha. Anandiyang'ana, sanandionepo ndikulankhula choncho. Taikokera kuseri, taimanga ndi tcheni. Chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinkaimba tsiku ndi tsiku, ine ndi amene sindinkamva.

Amayi nditawauza sanakalipe. Anatenthetsa mafuta ophikira pa supuni, anandigoneka pamiyendo pawo, munthu wa ndevu zanga, n'kudonthezera m'khutu. Akuti mwina ndi phula chabe, Ababa ankatero. Dzanja lawo lili pamutu panga ndinatsala pang'ono kulira. Nditadzuka palibe chasintha.

M'gulu muja akuwerenga masiku. Morris walemba, "Makutu ali ready?" Sindinayankhe.

Lachisanu, 17 Julayi

Kukiliniki ndi Mai Muriel, anachita kundikoka, msika wawo anasiyira mnzawo. Sisita Winifred anaunika ndi katochi, anati m'khutu ndi moyera, phula mulibe. Anandifunsa ntchito yanga, nditanena anangogwedeza mutu. Akuti ndipite kuchipatala chachikulu akandiyeze ndi makina, iwo sangalonjeze kanthu, koma lomwe latsalali ndilisamale ngati dzira, ndizitseka makutu pogwira ntchito. Anandikalipiranso za mafuta a Amayi.

Pobwerera Mai Muriel anazungulira n'kuyamba kuyenda kumanja kwanga. Patapita kanthawi anati, "Ndaifunga kuti mune mumwe." Ankaganiza kuti ndili ndi chibwenzi, n'chifukwa chake sindiwayankha usiku. Tinaseka pakati pa msewu mpaka anthu kutiyang'ana. Kenaka analira pang'ono.

Za mawa. Ndaganiza zonama kuti magetsi apita, ndani angatsutse? Kuno bodza limeneli ndi loona masiku ambiri. Iwo asewere atatu, kapena apeze wina, ine ndikhalebe Makutu wa 2009 m'mitu mwawo. Galimoto ndilibe, nyumba sindikumanga, pasipoti inatha ntchito ndisanaidindepo. Chinthu chimodzi chokha chomwe anzanga amandikumbukira nacho ndi chomwe chawonongekachi. Ndikuopa, ndinene zoona. Sindikuopa Taurai. Ndikuopa kuti akadziwa adzayamba kundilankhula mwaulemu, mondimvera chisoni, ngati munthu wodwala.

Ndinalemba uthenga kwa Kumbi, ndinafufuta. Ndinalembanso, ndinafufutanso.

Loweruka, 18 Julayi

Magetsi sanapite. Lero lokha, tsiku lomwe ndinkawafuna kuti apite! Ndinakhala pampando kuyang'ana babu ngati ndilithimitse ndi maso. Mai Muriel anabweretsa tiyi, anati, "Pindai, vanhu vakamirira." Akuti ndilowe, anthu akudikira. Ndinalowa.

Onse anayi pamodzi koyamba chichokereni. Admire akulankhula ngati mzungu wa chimfine, Morris akuponyamo Chipwitikizi, aliyense akuseka mnzake. Taurai analemba kuti lero kulibe mankhwala. Panalibenso chifukwa cholankhulira Chichewa, poti adani sakutimva, aliyense ali kwake. Koma raundi itangoyamba Morris anakuwa, "Tiyeni, achimwene, pamakwerero!" ndipo tonse tinagwera momwemo.

Ine patsogolo, mwa kale. Raundi yoyamba ndinamva awiri kumanja, ndinanena, tinawina. Phokoso lake! Admire akuimba dzina langa.

Yachiwiri anatitulukira kumanzere, ine ndinafa woyamba, anzanga n'kutsatira. Ndinati pepani, netiweki. Yachitatu chimodzimodzi. Yachinayi ndinalowetsa timu yonse m'kanjira koti adani atatu anali atabisala kuseri kwa khoma la kumanzere, akuthamanga ndithu, mdidi woti kale ndikanaumva ndili mtulo. Taurai sapusa, anaona komwe tikufera, anayamba kubwerera komweko. Analemba kufunsa komwe ndapita, "Makutu aenda kupi?" Admire anasiya kuimba. Morris anati mwina wina atsogole. Thukuta m'manja, mausi ikuterera.

Tili kudikira raundi ina Kumbi anati, "Fula." Osati Makutu. "Ukufera mbali imodzi yokhayokha. Mahedifoni akowo ali bwino?"

Khomo linali lotsegula, ndikanangoti zhing-zhong, nkhani n'kutha. Ndinayang'ana kanyali kabuluu kakuwala pakhoma.

Ndinati, "Mahedifoni ali bwino. Khutu langa la kumanzere linafa, aise. Jenereta ya kuntchito. Ndadziwa Lachitatu."

Ndinkangomva mwana wa Admire akulira kutali ku England. Ndinadikira mawu aulemu aja.

Morris ndi amene anayamba. "Ndiye tizikutcha Khutu basi, limodzi." Admire anaphulika kuseka mpaka maiki yake kulira. Ndinamutukwana Morris za mimba yake, iye anandibwezera, ndipo ndinapeza kuti nanenso ndikuseka, misozi ikutsikira m'siponji ya mahedifoni atsopano.

Kumbi sanaseke. Anati, "Chitsiru iwe, bwenzi utanena poyamba, tataya maraundi atatu. Tamvera. Uziyenda phewa la kumanzere litagunda khoma, chilichonse chizibwera kumanja kwako. Pomwe palibe khoma, khoma ndine. Admire kumbuyo. Morris, tseka pakamwa kuti munthu amve."

Raundi inayamba. Ndinatsamira khoma, kuyenda pang'onopang'ono. Khoma litatha pabwalo lapakati, ndinaona msilikali wa Kumbi akubwera kudzaima kumanzere kwanga, pafupi kwambiri, mfuti ataloza komwe ine sindimva. Tinayenda limodzi choncho. Onse anali chete, kudikira ine.

Patali, kumanja, pansi pa makwerero, tswa, tswa.

Ndinati, "Awiri. Akukwera."